Cifukwa Cace Anthu Amabanika pa Mapiri Atali-atali

Pa 29 May 1953 amuna awiri, Edmund Hillary wa ku New Zealand ndi Tenzing Norgay wa mtundu wa Sherpa, anaponda pa nsonga ya phiri la Everest, limene liri m'malire a Nepal ndi Tibet. Phirili ndilo lalitali kopambana mapiri onse a pa dziko lapansi, ndipo monga analiyesera m'caka ca 2020, kutalika kwace ndi mamita 8,849. Amunawo anali atabereka mabotolo acitsulo kumsana ndi kuvala zophimba kukamwa ndi kumphuno. M'mabotolomo munali mpweya. Tsono munthu angafunse kuti, kodi n'kunyamuliranji mpweya, popeza pa phiri ndi pamtetete pamene mphepo imaomba usana ndi usiku? Nkhani ino ikulongosola cifukwa cace, ndiponso zimene ayenera kudziwa munthu ali yense wofuna kukwera phiri lalitali.

Mpweya uli ndi kulemera

Anthu ambiri amayesa kuti mpweya ndi cinthu copanda kulemera, cifukwa suoneka ndipo sugwirika. Koma si tero ai. Mpweya wakuta dziko lonse lapansi monga madzi akuta pansi pa nyanja, ndipo anthu amakhala pansi peni-peni pa nyanja ya mpweyayo. Mpweya wonse wa kumwamba umatsamira pa mpweya wa kunsi, ndipo wa kunsiwo umapsinja nthaka, madzi, nyumba ndi matupi a anthu.

Kupsinjaku si kwakung'ono. M'mbali mwa nyanja yamcere, pa malo ang'ono ngati cikhadabo ca cala, mpweya umapsinja ndi kulemera kwa kilogalamu imodzi, ndiko kunena kuti paketi imodzi ya shuga. Pa cikhatho ca munthu wamkulu pamapsinja kulemera konga kwa matumba awiri a cimanga a makilogalamu 50. Munthu sakumva kulemeraku cifukwa mpweya umakankha mbali zonse mofanana, pamwamba, pansi ndi m'mbali, ndiponso m'thupi mwace muli madzi ndi mpweya zimene zimakankha cobwezera.

Amene anayamba kuyesa kulemera kwa mpweya ndi Evangelista Torricelli wa ku Italy, m'caka ca 1643. Iye anatenga kampope kagalasi kotseka mbali imodzi, nakadzaza ndi mercury, madzi olemera onyezimira ngati siliva amene ambiri anawaonapo m'kagalasi koyesera kutentha kwa thupi ku cipatala. Atakazondotsa kampopeko m'mbale ya mercury, anaona kuti mercury sanatsike yense, koma anaima pa msinkhu wa mamilimita ngati 760. Cimene cinamgwira kuti asatsike ndi mpweya umene unali kupsinja mercury wa m'mbalemo. Cipangizo cimeneci ndico cimachedwa barometer, ndipo ciri ngati sikelo yoyesera mpweya.

Blaise Pascal wa ku France anaganiza kuti ngati zimenezi ziri zoona, ndiye kuti pamwamba pa phiri mercury ayenera kuima pafupi, popeza mpweya wopsinja wacepa. M'mwezi wa September 1648 mlamu wace, Florin Périer, anakwera phiri la Puy de Dôme atanyamula cipangizoco, nasiya cinzace m'munsi m'manja mwa munthu wocipenyerera tsiku lonse. Ca m'munsi cija sicinasinthe, koma cimene anakwera naco cinatsika ndi mamilimita oposa 80. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti munthu akamakwera, mpweya umanka nupepuka.

Dengu lotsendera ndi dengu losatsendera

Mpweya si cinthu cimodzi ai, koma ndi mitundu ingapo yosakanizika. Pa magawo 100 ali onse, magawo 78 ndi naitirojeni, magawo 21 ndi okosijeni, ndipo gawo limodzi lotsalalo ndi mitundu ina ing'ono-ing'ono. Umene umasunga moyo ndi okosijeni. Ndiwo umayakitsa moto, ndiwonso umathandiza thupi kusandutsa cakudya kuti cikhale mphamvu ndi kutentha.

Pano ndi pamene ambiri amasokera. Iwo amati pa phiri lalitali okosijeni amatha ndi kutsala mitundu inayo. Zoona zace n'zakuti ngakhale pa nsonga ya Everest magawo aja sasintha, okosijeni amakhalabe magawo 21 pa 100. Cimene cimasintha ndi kuthithikana kwa mpweya wonsewo.

Alimi a thonje angamvetse msanga zimenezi. Thonje likaunjikidwa mulu waukulu, la pansi limathithikana cifukwa ca kulemera kwa la pamwamba, koma la pamwamba limakhala lotakasuka. Munthu akadzaza dengu ndi thonje lotsendera, nadzaza dengu lina lolingana nalo ndi thonje losatsendera, madengu onse awiri adzaoneka odzaza, koma pa sikelo lina lidzalemera koposa linzace. Cifuwa ca munthu ciri ngati dengulo. Kukula kwace sikusintha, kaya munthu ali ku Nsanje kaya ali pa Everest, koma ku Nsanje cimadzaza ndi mpweya wotsendera, pamene pa Everest cimadzaza ndi mpweya wotakasuka.

Cotero pa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, pamene ndi mamita 3,002, munthu akakoka mpweya kamodzi amalandira magawo 7 pa magawo 10 a okosijeni amene akadalandira m'mbali mwa nyanja yamcere. Pa mamita 5,500 amalandira theka lokha, ndipo ndi momwenso ziri pafupi-fupi pa Kilimanjaro ku Tanzania, phiri lalitali kopambana mu Africa, la mamita 5,895. Pa Everest amalandira gawo limodzi pa magawo atatu. M'caka ca 1981 dokotala wa ku America, Christopher Pizzo, anayesa mpweya pa nsonga peni-peni, napeza mamilimita 253 m'malo mwa 760 aja.

Palinso cina. M'mapapo muli timatumba tating'ono-ting'ono tosawerengeka, tokutidwa ndi timitsempha ta magazi. Okosijeni amalowa m'magazi pobzola khungu lopyapyala la timatumbato, ndipo cimene cimamkankha kuti alowe ndi kupsinja kuja. Kupsinja kukacepa, okosijeni amalowa mwaulesi, magazi nabwerera ku mtima asanakhute.

Amene anayamba kudwala ndi kufa nazo

Matenda a m'mapiri anadziwika kale anthu asanadziwe gwero lace. Wansembe wa ku Spain, José de Acosta, analemba m'buku lace la m'caka ca 1590 kuti podutsa mapiri a Andes ku Peru anagwidwa ndi nseru ndi kusanza koopsa, ndipo iye anaganiza kuti mpweya wa kumeneko ndi wopyapyala kosayenera kupuma munthu.

Amene anatsimikiza nkhaniyi ndi Paul Bert wa ku France, amene anafalitsa zofufuza zace m'caka ca 1878. Iye anali kuika nyama m'zipinda zacitsulo, napopamo mpweya kuucotsa pang'ono-pang'ono, ndipo analowamonso iye mwini. Anapeza kuti mpweya ukacepa cizungulire cimayamba, koma munthu akapuma okosijeni wa m'thumba cizungulireco cimatha.

Pa 15 April 1875 amuna atatu anauluka ku Paris m'cibaluni cochedwa Zénith, nafika pa mamita oposa 8,000. Anali nao matumba a okosijeni, koma anacedwa kuwagwiritsa nchito, ndipo pamene anawafuna manja anali atalefuka kale. Onse atatu anakomoka. Cibaluni citatsika, Gaston Tissandier yekha ndiye anatsitsimuka. Anzace awiri, Joseph Crocé-Spinelli ndi Théodore Sivel, anali atafa. Imfa yao inaphunzitsa cinthu cimene okwera mapiri amacikumbukira kufikira lero: kusowa kwa okosijeni kumayamba kuononga nzeru, kotero kuti munthu amadziyesa ali bwino pamene ali pafupi kufa.

Mmene thupi limadzithandizira

Munthu akafika pa malo okwera, thupi lace limayamba lokha kufuna njira. Coyamba, amapuma kawiri-kawiri ndi mozama, ndipo mtima umagunda msanga kuti magazi azungulire mofulumira. Zimenezi zimayamba nthawi yomweyo. Pambuyo pace impso zimaturutsa mankhwala ena amene amauza mafuta a m'mafupa kuti apange maselo ofiira a magazi oculuka, pakuti maselo ofiirawo ndiwo amtenga-tenga a okosijeni. Nchito imeneyi imatenga milungu ingapo, ndipo palibe munthu angaifulumize ndi mphamvu zace kapena kulimba mtima kwace.

Ndico cifukwa cace okwera Everest amakhala milungu yambiri m'munsi ndi m'mbali mwa phirilo. Amamanga msasa pa mamita ngati 5,300, nakwera pang'ono, nabwerera kudzagona pansi, nakweranso kupitirira pamene analekeza. Munthu wotengedwa ku nyanja ndi kutulidwa pa nsongapo mwadzidzidzi angakomoke m'mphindi zowerengeka. Pa ulendo wa 1953 uja, umene anautsogolera John Hunt, panali dokotala, Griffith Pugh, amene caka ca 1952 anali ataphunzira za matupi a okwera pa phiri la Cho Oyu. Iye ndiye analangiza za muyeso wa okosijeni woyenera kupuma, za zobvala, ndi za kumwa madzi ambiri, popeza mpweya wa kumeneko ndi wouma ndipo munthu wopuma mwabefu amataya madzi ambiri.

Komabe kuzolowera kuli ndi malire ace. Kupitirira mamita 5,500 thupi limanka lifooka ndi kuonda ngakhale munthu adye bwino. Mudzi wokwera kopambana umene anthu amakhalamo caka conse ndi La Rinconada ku Peru, pa mamita ngati 5,100, kumene anthu amapirira cifukwa ca migodi ya golidi. Kupitirira mamita 8,000 okwera mapiri amati ndi dera la imfa, pakuti kumeneko thupi limatha mphamvu ora ndi ora ngakhale munthu angogona. Mapiri ofika msinkhu umenewu alipo 14, ndipo onse ali ku Asia.

Kwa zaka zambiri anthu anali kukangana ngati munthu angafike pa Everest wopanda mabotolo. M'caka ca 1924 Edward Norton anafika pa mamita oposa 8,500 wopanda okosijeni wa m'botolo, nabwerera. Caka comweco George Mallory ndi Andrew Irvine anasowa pafupi ndi nsonga, ndipo mtembo wa Mallory unapezeka m'caka ca 1999. Mkanganowo unatha pa 8 May 1978, pamene Reinhold Messner wa ku Italy ndi Peter Habeler wa ku Austria anafika pa nsonga ndi mapapo ao okha. Koma ocita zotere ndi owerengeka, ndipo amayenda m'mphepete mwa manda. M'caka ca 2007 madokotala a ku Britain anatenga magazi ao omwe pa mamita 8,400, napeza kuti kupsinja kwa okosijeni m'magazimo kunali ngati gawo limodzi pa magawo anai a kwa munthu wamoyo wabwino wokhala kunsi. Wodwala wa m'cipatala atapezeka ndi magazi otere, anamwino angathamange naye.

Anthu obadwira m'mapiri

Anthu mamiliyoni ambiri amabadwira ndi kukalambira pa malo okwera koposa Sapitwa. Mzinda wa Lhasa ku Tibet ndi mzinda wa La Paz ku Bolivia yonse iri pa mamita oposa 3,600. Anthu a kumeneko amalima, amaweta ndi kusenza akatundu pamene mlendo ali wefu-wefu.

Cozizwitsa n'cakuti mitundu imeneyi inazolowera m'njira zosiyana. Anthu a ku Andes ali ndi zifuwa zazikulu ndi magazi oculuka maselo ofiira. Mwa ena a iwo magazi amalimba mopitirira, nayenda mobvuta, ndipo nthenda imeneyi inachedwa dzina la dokotala wa ku Peru amene anailongosola, Carlos Monge. Anthu a ku Tibet ndi a Sherpa magazi ao salimba cotero. Iwo amapuma kwambiri ndipo magazi amayenda bwino m'timitsempha tao. M'caka ca 2010 ofufuza anapeza kuti zimenezi ndi zacibadwa, zolandira kwa makolo amene anakhala m'mapirimo mibadwo yambiri.

Za malo okwera zinamvekanso pa masewera a Olympic a 1968 ku Mexico City, mzinda wa pa mamita oposa 2,200. Othamanga mitunda yaitali ocokera ku maiko a kunsi anabvutika, koma amuna a ku mapiri a kum'mawa kwa Africa anapambana: Kipchoge Keino wa ku Kenya pa mamita 1,500, Naftali Temu wa ku Kenyanso pa mamita 10,000, ndi Mamo Wolde wa ku Ethiopia pa mpikisano wa marathon.

Kuzizira, moto ndi mphika

Mpweya wotakasuka umabweretsanso zina. Pa mamita 1,000 ali onse amene munthu akwera, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena 7. Ndico cifukwa cace ku Dedza ndi ku Nyika kumazizira pamene ku Salima kukutentha. M'caka ca 1848 mmishoni wa ku Germany, Johannes Rebmann, anaona cipale coyera pamwamba pa Kilimanjaro, koma akatswiri ena a ku Ulaya anamtsutsa, nati cipale sicingakhale m'dziko lotentha cotero. Hans Meyer ndi Ludwig Purtscheller atafika pa nsongapo m'caka ca 1889 anaponda madzi oundana ndi mapazi ao. Madzi oundanawo acepa kwambiri m'zaka 100 zapitazi.

Amai ophika angaonenso kusiyana. Ku nyanja yamcere madzi amawira pa madigiri 100, cifukwa mpweya wolemera umapsinja pamwamba pa madziwo ndi kuletsa nthunzi kuturuka msanga. Pa Sapitwa amawira pa madigiri ngati 90, ndipo pa Everest pa madigiri ngati 70. Madzi amabwadamuka ndithu, koma satentha kokwanira, cotero nyemba ndi mpunga zimacedwa kupsa, ndipo nkhuni zimatha zambiri.

Ndege zazikulu zimauluka pa mamita 10,000 kapena kuposa, pamwamba pa Everest pomwe, koma okweramo sakomoka cifukwa makina amapopera mpweya m'katimo kuti ufanane ndi wa pa mamita ngati 2,000. Makutu amatsekeka ndege ikamatera cifukwa mpweya wa kunja kwa khutu wayamba kulemera koposa wa m'kati. Ndi zomwezo zimacitika kwa okwera galimoto potsika mseu wa ku Golomoti kucokera ku Dedza. Kumeza malobvu kapena kuyasamula kumatsegula makutuwo.

Zizindikiro zoyenera kuziopa

Matenda a m'mapiri amayamba kawiri-kawiri munthu akapitirira mamita 2,500, makamaka akakwera mofulumira ndi kugona komweko. Sasankha munthu, mnyamata wamphamvu angadwale pamene nkhalamba yoyenda mofatsa iri bwino. Zizindikiro zoyamba ndi mutu, nseru, kusafuna cakudya, kutopa ndi kusowa tulo. Wotere aime, asakwerenso kufikira atapeza bwino.

Pali zizindikiro zina zoopsa koposa. Munthu akamabanika ali cikhalire, natsokomola makhololo athobvu kapena amagazi, milomo nida, ndiye kuti madzi alowa m'mapapo. Akamadzandira ngati woledzera, nalankhula zosamveka kapena kuodzera kosadzutsika, ndiye kuti bongo watupa. Zonse ziwirizi zingaphe munthu m'tsiku limodzi. Mankhwala ace oposa onse ndi kutsika naye msanga, ngakhale ndi usiku, osadikira kuti kuce, ndipo asatsike yekha. Kutsika mamita 500 kapena 1,000 kokha kumapulumutsa moyo.

Madokotala amalangiza kuti munthu akapitirira mamita 3,000 asakweze malo ogona ndi mamita oposa 500 pa tsiku, ndipo apumule tsiku lathunthu pakapita masiku atatu kapena anai. Amwe madzi okwanira, aleke mowa, abvale zofunda. Alipo mankhwala othandiza thupi kuzolowera, koma ayenera kuperekedwa ndi dokotala. Anthu a nthenda ya mtima kapena ya mapapo, a nthenda ya sickle cell, amai apakati, ndi onse ocepa magazi cifukwa ca malungo kapena njoka za m'mimba, ayambe aonana ndi a cipatala, pakuti amene amtenga-tenga ace ndi ocepa kale sangapirire pamene katundu yemwe wacepanso. Akulu anati kuthamanga si kufika, ndipo otsogolera alendo pa Kilimanjaro amanena mau omwewo m'Ciswahili tsiku lonse, kuuza alendo ao kuti ayende pang'ono-pang'ono.

M'dziko la Malawi mulibe phiri lofika m'dera la imfa, ndipo pa Mulanje ambiri amangomva befu ndi kamutu pang'ono. Zoopsa zazikulu kumeneko ndi nkhungu ya ciperoni, kuzizira ndi miyala yoterera, ndipo alendo ena anatayika ndi kufera komweko. Wofuna kukwera Sapitwa atenge munthu wodziwa njira, ndipo nkhungu ikatseka abwerere.

Za aphunzitsi

Aphunzitsi angathe kuonetsa ana zimenezi popanda zipangizo zogula. Adzaze kapu ndi madzi mpaka m'milomo, aphimbe ndi pepala lolimba, agwirize ndi cikhatho, azondotse kapuyo, ndipo acotse dzanja mofatsa. Madzi sadzatayika, cifukwa mpweya ukukankha pepalalo kucokera pansi.

Sukulu zokhala pafupi ndi phiri, monga Zomba, Dedza kapena Mulanje, zingayesenso njira ina. Ana atenge botolo lapulasitiki lopanda kanthu, alitseke zolimba ali pamwamba pa phiri, ndipo atsike nalo. Pofika m'munsi adzapeza kuti lapindika m'mbali monga ngati munthu walifinya, pakuti mpweya wolemera wa kunsi wagonjetsa mpweya wopepuka umene anautsekera m'katimo. Akatsegula cibvundikiro adzamva mpweya ukulowa, ndipo botolo lidzaongoka. Kuyesa kumeneku kuonetsa cinthu comwe cija anaciona Florin Périer pa Puy de Dôme m'caka ca 1648, ndipo mwana amene waciona ndi maso ace sadzafunsanso cimene Hillary ndi Tenzing anaberekera mabotolo.